Giya Yokwerera Chitunda cha pa Thundu

1994

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza chaka chomwe anthu ankavinira mavoti, pa kachipatala ka mpingo kuseri kwa Mbulumbuzi. Zam'mbuyomo sindizilemba, ana anga, poti munthu amene anathera sitandade faifi n'kumagona pamwamba pa matumba m'malole a eni ake alibe mbiri, ali ndi zipsera basi. Anandilemba udalaivala ndi namwino wamkulu wachizungu yemwe tonse tinkangomuti a Sisitere. Mayeso ake anali amodzi, kubwerera m'mbuyo pakati pa mitengo iwiri ya mango. Ndinakhula umodzi, koma mwayi wanga iwo ankayang'ana winawo.

Galimoto yake inali pikapu yakalekale, ya m'zaka za m'ma 70, ya mphuno yaitali ndi mpando umodzi kutsogolo ngati benchi la m'tchalitchi. Chachilendo chake chinali chakuti inkasintha yokha magiya, ija amati otomatiki, chifukwa mwendo wamanzere wa a Sisitere unali wolumala ndipo sakanatha kuponda kilachi. Ine ndinazolowera malole, choncho tsiku loyamba mwendo wanga unkangopondaponda pansi popanda kanthu, mpaka iwo anandifunsa kuti, "Bambo Nakoma, mukupha mphemvu?" M'kabokosi ka kutsogolo ndinapezamo buku la Chingerezi lofotokoza za m'mimba mwa galimotoyo. Ndinagula dikishonale yopanda chikuto ku Limbe n'kumaliwerenga podikira odwala. Ndinkalimvetsa pang'ono koma kulilalikira kwambiri, monga achitira alaliki ena ndi Baibulo, ndipo amayi anu anafika podziwa mawu oti "transimishoni" asanaonepo mkati mwa boneti.

1996

A Sisitere anabwerera kwawo mwendo uja utawavuta, natisiyira pikapu ndi madalitso. M'malo mwawo munalowa a Mulewa, munthu wa masamu, wofatsa, amene ankayenda ndi kiyi wa chipinda cha mankhwala m'khosi ngakhale m'chipindamo munali mashelefu okhaokha. Zinthu zinayamba kusowa chimodzichimodzi: magolovesi, palafini wa firiji, matayala. Tinkayendera matayala osalala ngati mutu wa a dikoni. Batire itafooka m'pamene ndinadziwa chilema cha otomatiki, kuti siilira pokankha. Tsiku lina pamsika pa Mbulumbuzi anyamata anaikankha mpaka kukafika ku mlatho, thukuta kamukamu, ine ndikukuwa kuti sizitheka, iwo akuti a dalaivala ndinu amene simudziwa kuchotsa mwendo. Kuno galimoto yosakankhika ili ngati njinga yopanda keriyala.

Ntchito ya pikapu nayo inasintha osatiuza. Nthawi ya a Sisitere tinkathamangitsa amayi oyembekezera kupita ku chipatala chachikulu, n'kubwerako ndi makanda. Tsopano tinkapita ndi anthu owonda, otsokomola, anthu a msinkhu wanga, n'kukawatenganso m'bokosi. Matendawo sitinkawatchula dzina. Tinkangoti "zomwezi". Akalipentala a pamsewu anasiya kukhoma mipando. Galimoto yokhayo imene inkalola kulowa m'njira za kumidzi inali yathu, ndiye aliyense wofedwa ankafika pakhomo pa a Mulewa chipewa chili m'manja.

1997

Mukudziwa mmene timakhalira kuno: mwamuna amakamanga kwa mkazi, koma akamwalira amabwerera kwawo kukagona ndi akuchikazi ake. Mukudziwanso kuti kwathu kwa agogo anu, kumbali ya Mpama, sufikako osakwera chitunda cha pa Thundu, chija chili ndi mtengo waukulu pakati pomwe njira imakhota. Chaka chimenechi ndinanyamula maliro a bambo wina wa m'mudzi mwathu yemwe anakwatira kumunsi. Kumbuyo kunali bokosi, amayi oimba, ndi mkazi wa malemuyo, mtsikana ndithu, mwana ali kumsana. Giyabokosi inali itayamba kale kuterera ikatentha. Titafika pansi pa mtengo uja injini inangolira mokweza, galimoto osasuntha, fungo la oyilo wopserera lili guu.

Mkulu wina anatsika, navula chipewa, nagwada pambali pa galimoto. "Tiyeni, bambo, kwanu ndi kuno. Ngati pali chimene chakukwiyitsani tikakambirana kumudzi, musatichititse manyazi panjira." Ndinayesanso, inasuntha pang'ono n'kuimanso. Pamenepo mlongo wa malemuyo anayankhula osakweza mawu. "Sangapite, amene wamudya ali m'galimoto momwemo." Anamutsitsa mtsikana uja, ndipo amayi angapo akwawo anatsika naye. Mkangano wawo unatenga nthawi. Nditaponda kachitatu, pikapu inakwera ngati palibe chinachitika.

Ine ndinkadziwa kuti oyilo anali atazizira ndipo katundu anali atapepuka. Ndinanena zimenezo pamaliro pomwepo, mpaka kutchula Chingerezi cha m'buku langa lija. Mkulu uja anandimvetsera mwaulemu kenako anati, "A dalaivala, amene analemba buku lanulo sanaikepo maliro kuno." Mtsikanayo sanaone manda a mwamuna wake. Anatsika chitunda wapansi, ndipo makina osokera ndi mbuzi zimene anapeza awiri anazitenga achibale a mwamunayo. Mmodzi mwa amene anaimirira pamenepo n'kuona zonse anali bambo anu aang'ono, mng'ono wanga Fanuwelo.

1998

Fanuwelo anali telala pakhonde la sitolo ina pa Mbulumbuzi, munthu wa nthabwala amene ankatha kukuseketsa akukuyeza thalauza la maliro. Anakwatira Esinati, mayi wodekha wa komweko, yemwe alongo athu awiri sanamukonde kuyambira tsiku la chinkhoswe pa zifukwa zomwe iwonso anaziiwala. Chaka chimenechi anayamba kutsokomola, ndipo pofika nthawi yodzala anali atagonekedwa ku chipatala cha ku Boma, akulandira jakisoni wa chifuwa chachikulu. Alongo athu anali atayamba kale kufunsana kuti mwamuna amawonda bwanji mkazi ali wonenepa.

Nditapita kukamuona anandikodola kuti ndiwerame. "Achimwene, khoti lanu lija la matayala anayi likuzengabe milandu?"

"Lafa. Giyabokosi yatheratu, ili pa miyala kuseri kwa ofesi."

"Likonzeni, mundikweze kwa amayi ndikadali ndi pakamwa. Ikakazima pa Thundu ndidzadzutse mutu ndiwauze kuti ndi giya, si Esinati. Mukadikira bokosi, alongo anu aja mukuwadziwa."

Ndinati asayankhule zopusa, achira. Iye anati ndi telala, amadziwa nsalu ikatha. Ndinatchula za machira, iye anakana. "Amuna a kwathu mapewa anatha ndi mabokosi, ndiye akanyamulenso wamoyo?" Panjinga sakanatha kukhala, ndipo a matola ankati mvula ikayamba ku Thundu sapitako ngakhale uwapatse ng'ombe.

Mpingo unasonkha kangachepe, ndipo ine ndi a Mulewa tinakwera minibasi kupita ku Limbe kwa makaniko wina wachiyao, Che Saidi, amene bwalo lake linali manda a magalimoto. Za otomatiki ina anatiseka. Anati m'dziko muno yotsala inali yathu yomweyo, tiike ya manja, ya kilachi, yoti anthu akankhe ikafooka batire. Anatitengera pansi pa lata lina navundukula magiyabokosi awiri.

"Ali awiri ngati akazi a mitala," anatero. "Uyu ndi wa m'tauni, magiya asanu. Ndi mtundu umodzi ndi injini yanu, mabawuti akumana okha, sabata isanathe mwanyamuka. Pa tala imauluka, mafuta imangonunkhiza. Uyu ndi wa kumunda, magiya anayi, ndinamuchotsa m'kalole ka fodya. Giya yake yoyamba timati ya ng'ombe. Mutha kuiika, kutsika, kukagula chinangwa, n'kuipeza isanafike pa ngodya. Koma sakwana. Pafunika kusema chitsulo cholumikizira, kudula shafiti, kuboola pansi. Mwezi, magetsi akalola."

A Mulewa sanachedwe. Anati ya magiya asanu, chifukwa mafuta tilibe, mankhwala timakatenga ku Limbe, ndipo mayi akamataya magazi chofunika ndi liwiro. "Ife ndi chipatala, a Nakoma, si adzukulu okumba manda." Ankanena zoona, ndipo mpaka lero sindiwatsutsa. Ndinangowafunsa kuti mwezi wathawo tinathamanga liti ndi munthu wamoyo. Anayang'ana nsapato zawo. Kenako ndinafunsa Che Saidi ngati wa m'tauniyo angakwere Thundu, poti njirayo ankaidziwa.

"Wopanda katundu, kutacha bwino, dalaivala atapemphera, akwera. Wodwala mmodzi ndi womudwazika, mwina. Koma bokosi ndi amayi a kwaya kumbuyo, pansi patanyowa, mudzawotcha kilachi pakatikati pomwe."

A Mulewa anavula magalasi nawapukuta ndi tayi. "Pa chiwongolero mumakhala ndinu. Sankhani, ine ndikauza komiti kuti tinasankha tonse."

Ana anga, ndawerenga mabuku ambiri otola, ena opanda chiyambi ena opanda mapeto, koma palibe limene linandiuza chochita tsiku limenelo. Ndikasankha ya magiya asanu, Fanuwelo akanatha kukwera kwa amayi sabata yomweyo, mwina, mvula ikanatikomera mtima. Koma maliro onse otsatira akanakaima pansi pa mtengo uja, ndipo pa maliro alionse pamakhala mkazi woti atsitsidwe. Ndikasankha ya ng'ombe, chitunda chatha mphamvu mpaka kalekale, koma mwezi unali wautali kwa munthu amene mkono wake unali utafanana ndi ndodo ya giya. Ndinapempha Che Saidi kuti andidikire, ndinakwera minibasi ya ku Boma, ndipo ndinakafotokozera wodwala za magiya ngati ndikufotokozera komiti.

Tsiku limenelo ndinamupeza atakhala tsonga, akudya bango lomwe Esinati anamusendera. Nkhope inali itabwerera pang'ono. Anamvetsera zonse, ngakhale zija ndinawonjezera za m'buku pofuna kuoneka wodziwa, kenako anapukuta pakamwa. "Ine sindisoka malaya ovala tsiku limodzi. Ikani ya ng'ombeyo. Jakisoni ndikadali naye wambiri, ndidikira." Esinati ankangoyang'ana mpeni m'manja mwake. Ndikanatha kumukanira mng'ono wanga, poti wamkulu ndinali ine. Koma bango lija linandinyenga, ndipo mwina ndinkafuna kunyengedwa. Tinakokera pikapu ku Limbe ndi lole ya munthu wina wa mumpingo.

Mwezi uja unatalika. Magetsi ankazima m'mawa n'kuyaka anthu ataweruka. Munthu wa makina osemera zitsulo anapita kukaika mkazi wake ku Phalombe, ndipo anachedwa kubwerako. Chitsulo choyamba chinang'aluka pochiboola. Ine ndinkangozungulira, Mbulumbuzi, Limbe, ku Boma, nsapato zili matope. Ndikalowa m'wodi Fanuwelo ankafunsa kuti, "Ng'ombe yafika pati?" Ine n'kumati yatsala mchira. Khirisimasi itadutsa anasiya kufunsa mwa nthabwala. Ankangotembenuza maso kuyang'ana m'manja mwanga ngati muli kiyi.

Januwale 1999

Anamwalira m'mawa wina kukuwaza mvula, Esinati atapita kukachapa. Ndinafika kwa Che Saidi ndi uthengawo, shafiti ili pansi isanamangidwe. Mkuluyo sananene za pepani zambiri. Anathamangitsa makasitomala ena onse, navula chipewa chake choyera, nalowa yekha pansi pa galimoto. Pikapu inatuluka m'bwalo lake mng'ono wanga ali kale m'nyumba ya chisoni. Ndodo ya giya inatulukira pabowo lomwe anaboola pansi, yaitali, yokhota, ndipo pabowopo unkaona msewu ukudutsa. Mwendo wanga wamanzere, umene unakhala zaka zonsezi pa ulova, unayamba ntchito tsiku limenelo.

Pokweza bokosi, a Mulewa ananong'oneza Esinati kuti akhale kutsogolo ndi ine. Mlongo wathu wamkulu anamva. "Ayi, alamu akhale kumbuyo ndi amuna awo. Akuopa chiyani?" Aliyense anadziwa chimene chinkatanthauzidwa. Esinati anakwera kumbuyo, nakhala kumutu kwa bokosi. Anakweranso alongo athu, amalume, ndi amayi a mvano ochuluka kuposa amene ndikanalola tsiku lina lililonse. Sindinatsitse ndi mmodzi yemwe, chifukwa kutsitsa munthu tsiku limenelo kukanakhala ndi tanthauzo.

Mvula inali itagwa usiku wonse ndipo njira inali phala. Patsinde pa chitunda ndinaima pamalo athyathyathya. Amalume anagogoda padenga kufunsa ngati atsike ayankhule naye. Ndinati akhale, Fanuwelo ndinayankhula naye kale. Ndinaponda kilachi, ndinakokera ndodo ija ku giya imene ndinali ndisanaiyesepo ndi katundu, ndipo ndinachotsa mwendo pang'onopang'ono. Pikapu inabuula, n'kuyamba kuyenda ngati munthu wosenza mtolo wa nkhuni. Nyimbo kumbuyo inazirala yokha mpaka inatha. Anthu onse ankamvetsera injini. Pagalasi ndinkangoona dzanja la Esinati litagwira chivundikiro cha bokosi. Titafika pokhota paja, pansi pa mtengo, matayala akumbuyo anazungulira pamodzimodzi, matope akuuluka, galimoto ikupendekera kuphompho. Sindinawonjezere moto. Ndinangoisiya ikukumba yokha mpaka inapeza mwala, inagwira, n'kupitirira.

Kuseri kwa mtengowo kunali agogo anu. Anali atatsika kuchokera kumudzi okha, opanda nsapato, chitenje chili kumutu. Ndinafuna kuima kuti akwere, koma pamenepo sipoima, ndipo iwo anandikaniza ndi dzanja. Anagwira m'mphepete mwa pikapu pafupi ndi bokosi n'kumayenda nayo. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono moti mayi wokalamayo sanafunike kufulumira. Anasuzumira pawindo langa nati, "Yendetsa chomwechi, ndikumuperekeza mwana." Tinakwera choncho mpaka pamwamba, iwo ali pambali, dzanja lili pa lata.

Pabwalo, mlongo wathu wamkulu anatsika koyamba. Anaima kanthawi, kenako anatambasula dzanja kuthandiza Esinati kutsika. Palibe ananena kanthu za kudyana, tsiku limenelo kapena pambuyo pake. Esinati anaponya dothi m'manda a mwamuna wake, ndipo makina osokera anabwerera nawo kwawo. Ine ndinakhala m'galimoto nthawi yonse ya ulaliki, injini itazima, manja ali pa chiwongolero. Chimene anandituma mng'ono wanga chinali kumufikitsa wamoyo.

2000 mpaka 2007

Pikapu inakwera Thundu ndi zitunda zina zonse za kuno kwa zaka zambiri, ndipo sinaimepo ndi maliro panjira. Anthu ankati akufa a masiku ano ndi omvera. Ine ndinasiya kutsutsa, Chingerezi changa ndinachisunga. Pa tala inkachititsa manyazi: ulendo wa ku Limbe unkadya m'mawa wonse, maminibasi akutipitirira makondakitala akutiponyera moni, ndipo mafuta inkamwa ngati ili pa ukwati. Amayi ena oyembekezera tinkafika nawo mochedwa kuposa mmene ndikanafunira. A Mulewa sanandikumbutsepo za tsiku la kwa Che Saidi, ngakhale pamene komiti inkawakalipira. Esinati naye ndinamunyamula m'bokosi patapita zaka ziwiri, kupita kwawo kumunsi, njira yosalala imene giya ina iliyonse ikanayenda. Munthu wosema zitsulo uja anali atamwalira kale. Mankhwala otalikitsa moyo atafika m'boma lathu, ndinaona anthu amene ndinkawayeza ndi maso kutalika kwa bokosi akudzuka n'kukalima nandolo. Ndinakondwera nawo ndithu, koma pobwerera kunyumba ndinkapezeka ndikuwerengera m'mbuyo, ndipo amayi anu ankadziwa kuti tsiku limenelo sindidya.

Chaka chomwe ndinapuma, kachipatala kanalandira ambulansi yatsopano ndipo pikapu inagulitsidwa kwa bambo wina wa ku Boma wofuna kunyamulira njerwa. Anabwera kudzaiyesa, ine ndili pambali. Anasintha yoyamba, yachiwiri, mpaka yachinayi, kenako dzanja lake linayamba kufufuza.

"Madala, yachisanu ili pati?"

"Ilibe."

"Nanga zaka zonsezi munkafika bwanji msanga?"

"Amene ndinkawanyamula sankafulumira," ndinatero, n'kumupatsa kiyi.